Lole ya Nsomba Itanyamula Maliro

Achimwene anga ankapolisha nsapato ngakhale tsiku loti akudziwa kuti akaponda matope. Ndikawakumbukira lero, chimayamba kubwera si nkhope yawo ayi, koma msana: atakhala pampando chowerama, nsapato ili m'dzanja, akuipukuta ngati yawalakwira.

M'mimba mwa amayi athu tinatulukamo awiri, iwo oyamba, ine wotsatira. Tinakulira kwa Mponda, kufupi ndi pamene Shire amatulukira m'nyanja. Bambo athu, amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa boma, ankalakalaka mwana wawo wamwamuna atadzakhala shehe. Koma mwanayo atamaliza sekondale anasankhidwa kupita ku koleji ya usilikali, kumene amaphunzitsa anthu odzalamula asilikali anzawo. Bambo anamwalira asanaone mapeto ake.

Tsiku lomaliza maphunziro awo tinapitako ine ndi amayi, pa lole ya matola, amayi atafumbata mbale ya mpunga ndi nkhuku yokulunga m'chitenje. Anyamata atatulukira pabwalo la perete, amayi anamuzindikira wawo, lupanga lili m'manja, ndipo anaimirira n'kululutira pakati pa mabwana ovala masuti. Achimwene sanatembenuze ngakhale diso. Mwambo utatha amayi anawapatsa mbale ija, iwo n'kunena kuti adya pambuyo pake, ayambe kaye aona ngati anyamata awo adya, pakuti ofisala amadya pomalizira.

"Anyamata akowo ndi ati?" anafunsa amayi. "Wabereka liti iwe?"

Tinaseka tonse, ngakhale iwo anamwetulira pang'ono. Sindinkadziwa kuti koleji ija yawaika chinthu m'mutu choti sichidzatulukamonso.

Anakhala zaka zambiri ku usilikali mpaka kufika pa udindo wa meja. Atapuma kumeneko, eni kampani ina yogula nsomba kwa asodzi, kuziika m'ayezi ndi kuzitumiza ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anawatenga kuti akhale mkulu woyendetsa zonse kuno kunyanja. Kampaniyo inali itatsala pang'ono kugwa, aliyense ankangotolapo chake. Iwo anaidzutsa, zimenezo sindingawamane. Kuba kunatha, asodzi ankalandira zawo pa nthawi yake, ndipo m'mawa uliwonse antchito onse, kuyambira mlonda mpaka makalaliki, ankaima pamzere pabwalo kumva ntchito ya tsikulo. Anthu a pa boma ankati kukampani kwa a Meja ngakhale chambo chimalowa m'bokosi choguba.

Abale anasefukira kwa ine. Mangochi yense anasanduka m'bale wathu. Wina ankabwera ndi nthochi, wina ndi nkhunda, ati ndikawanenere mawu kwa achimwene. Onse anabwezedwa pageti. Amene analowa ndi mwana wanga yekha, ndipo sanalowere pakhomo lakuseri. Anayesedwa kuyendetsa lole pamodzi ndi anzake, achimwene atatuluka dala m'chipindamo kuti asakhalepo poweruza, ndipo anapambana.

Mwanayo ndi wamwamuna mmodzi yekhayo amene ndili naye. Bambo wake anatisiya iye akadali wamng'ono, ine n'kumulera ndi malipiro a uphunzitsi wa ku pulayimale. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo mlongo wa mayi, amene timamutchula kuti mjomba, ndiye mwini wake weniweni. Mjomba ndiye amamulandira potuluka ku jando, ndiye amakamufunsira mbeta, ndiye amamukalipira akalakwa, koma m'nyumba, chitseko chitatsekedwa. Achimwene zonsezi ankazidziwa, ndipo zina anazichita bwino lomwe. Kungoti akalowa pageti la kampani, mphwawo ankasanduka dalaivala basi. Mwana akati, "Mwadzuka bwanji amjomba?" ankayankhidwa kuti, "Matayala waona?"

Zinachitika m'nyengo ya dzinja, chaka chimene mvula inkagwa ngati yaiwala kusiya. Mwana wanga ananyamuka m'mawa ndi lole yopanda katundu kukatenga nsomba kudoko lina. Akudutsa pafupi ndi chipatala, anaimitsidwa ndi amuna amene anawazindikira. Anali ana a mayi wina wa ku Mozambique amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo, n'kukhala zaka zingapo m'kanyumba ka kuseri kwathu. Mayi ameneyo ndiye ankabereka mwana wanga kumsana ine ndikakhala m'kalasi. Nkhondo itatha sanabwerere kwawo, anakakhazikika ndi ana ake ku Katuli, kufupi ndi malire. Tsiku limenelo anali atamwalira m'bandakucha m'chipatalamo.

Ife Asilamu maliro sitigoneka. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale ali m'manda mwake. Amuna aja anali atapempha galimoto iliyonse ya matola, onse akukana msewu wa ku Katuli chifukwa cha matope. Thupi linali pamkeka pansi pa mtengo, mitambo ikusonkhana. Mwana wanga sanawaimbire amjomba ake, chifukwa yankho ankalidziwa kale. Anatsegula kumbuyo kwa lole, momwe mumakhala mabokosi a nsomba, n'kunena kuti, "Kwezani amayi."

Anakafika bwino, ndipo mayiyo anaikidwa dzuwa likadalipo. Pobwerera lole inatitimira, inachita kuzulidwa ndi anthu a m'mudzi tsiku lotsatira. Nsomba zimene zinkamudikira kudoko zinaonongeka. Choipitsitsa n'chakuti nkhani inathamanga kuposa loleyo. Pamsika anthu anayamba kufunsana moseka ngati chambo chimene akugula ndi chija chokwera ndi maliro.

Pa perete wa m'mawa uja wa kukampani sindinalipo. Anandifotokozera ndi mnansi wanga amene ankapala nsomba pakampanipo, ndipo ankafotokoza misozi ikutsika. Akuti achimwene anamuitana mwana wanga kuti atuluke pamzere aime kutsogolo. Anafotokoza mlandu wonse mwadongosolo, osakweza mawu. Kenako anatambasula dzanja. Mwana anaikamo makiyi.

"Amjomba," anatero mwana wanga motsitsa, "anali amayi aja a kuseri kwa nyumba."

"Ndikudziwa amene anali," anayankha achimwene. "Mlonda, muperekezeni mpaka pageti."

Mlonda anamuperekezadi, phazi la mwana wanga likumveka pamiyala.

Tsiku lomwelo ndinavala chitenje changa n'kupita ku ofesi kwawo. Anandikhazika pabenchi panja, ine mlongo wawo, pamodzi ndi anthu odzagulitsa nkhuni. Nditalowa anaimirira mwaulemu n'kundikokera mpando. Ndinakana kukhala.

"Achimwene, mwachita chiyani?"

"Achemwali, lole ija imanyamula chakudya cha anthu. Ogula akatitaya, mabanja onse aja amene amaima pabwalopa adya chiyani? Ndikamusiya uyu chifukwa ndi wanga, mawa ndidzamuchotsa bwanji mwana wa munthu wina?"

"Sindikunena za ntchito ine. Ntchito mukanamuchotsa, Mulungu akanamupatsa ina. Koma pamaso pa anthu? Inu mjomba wake? Munalibe nyumba yoti mukamuitanireko?"

"Analakwira pagulu, chilango chake chinayenera kuonekanso pagulu. Ndi mmene ndinaphunzirira."

"Nanga mayi aja akanaola pansi pa mtengo?"

Anayang'ana pazenera. Kenako anati, "Akanandiimbira, ndikanapeza galimoto ina ndi ndalama zanga." Ndikhulupirira ankanena zoona. Koma ndani akanalimba mtima kuwaimbira munthu amene moni wake unali wa matayala? Ndinawauza zimenezo, ndi zina zambiri zosayenera kutuluka m'kamwa mwa mphunzitsi, mpaka kalaliki wa panja anatseka chitseko.

Chondipweteka n'chakuti theka la tauni linawatamanda. Ankati uyu ndiye mtsogoleri, sanamusiye ngakhale mphwake. Theka linalo linkawatukwana kuti usilikali unawadya mtima. Koma otamanda ndi otukwana omwe, akamuona mwana wanga ankaloza chala. Eni malole ankati munthu wokanidwa ndi mjomba wake ndiye kuti ali ndi zina zimene ife sitikuzidziwa. Mwana wanga anasiya kupita kumzikiti wa pafupi, n'kumakaswalira kutali kumene sankamudziwa. Mvula isanathe anagulitsa njinga yake n'kukwera basi ya ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a kuno. Ponditsanzika sanalire. Ine ndinalira mokwanira tonse awiri.

Kuyambira pamenepo ine ndi achimwene tinkangoonana pamaliro ndi pamaukwati, moni wa pakamwa basi. Mwezi wa Ramazani ukayandikira ankatumiza thumba la mpunga ndi shuga. Ine ndinkauza wa kabaza kuti apitirire nazo kumzikiti, akagawire amasiye. Achimwene ankadziwa, koma chaka chotsatira thumba linkabweranso.

Mwana ankaimba foni poyamba pafupipafupi, kenako mwa apo ndi apo. Anapeza ntchito m'sitolo ya munthu wina, anakwatira mtsikana wa ku Makanjira amene anakumana naye komweko, anabereka ana amene ndimangowaona pa foni ya mnansi. Ndikamufunsa kuti ubwera liti, ankati Insha Allah, n'kusintha nkhani. Nthawi ina kutavuta kumeneko, alendo akuthamangitsidwa, foni yake inazima kwa miyezi. Basi iliyonse yobweretsa othawa ndinkakaichingamira, n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi. Ndinaonda mpaka anzanga ankandinong'oneza kuti ndikayezetse magazi.

M'nyengo yomweyo kampani inagulidwa ndi anthu ena. Eni atsopanowo anabweretsa mnyamata wawo wa makompyuta, n'kuwapumitsa ntchito achimwene powathokoza ndi wotchi yapakhoma. Perete anatha sabata yomweyo. Mkazi wa achimwene anali atamwalira kale, ana awo ali kunja kwa dziko, ndipo anatsala okha m'nyumba yaikulu, opanda womulamula.

Tsiku lina masana ndikusankha nyemba pakhonde, ndinaona munthu akubwera wapansi, wowongoka ngati mlongoti koma akuyenda pang'onopang'ono. Anakana mpando, anafuna kukhala pamkeka, maondo n'kumawakanika kupinda. Mapazi anali otupa, zingwe za nsapato atazimasula.

"Ndamva kuti mwana sakumveka," anatero. "Ndikupita kukamufuna."

"Mukamufune ngati ndani? Bwana wake?"

Anangopempha dzina la dera limene ankakhala ndi la mwini sitolo. Munthu amene ankakwera ndege pa ulendo uliwonse wa kampani, ulendo uwu anakwera basi, yomwe ija ya anyamata ndi zikwama zawo za usipa. Sindinawatsanzike, koma usiku uliwonse ndinkawatchula m'duwa yanga popemphera, koyamba patapita zaka.

Anabwerera okha. Anafikira kwa ine asanapite kwawo, fumbi la ulendo likadali m'tsitsi, n'kupereka lipoti ngati ali pamaso pa mkulu wa asilikali.

"Ndamupeza. Ali moyo. Anasamuka dera, foni anaberedwa. Mkazi ali bwino, ana ali bwino, wamkuluyo wafanana ndi bambo athu. Nambala yake yatsopano ndi iyi."

Ndinagwada pomwepo kuthokoza Mulungu. Nditadzuka ndinafunsa chimene chinali pamtima: "Abwera?"

Munthu wina aliyense akanandinamiza, kapena akanafewetsa mawu. Achimwene kunama sankakudziwa.

"Ndinamupepesa. Anandimvetsera mpaka kumaliza, anandipatsa tiyi. Kenako anati adzaponda Mangochi ine ndikadzafa." Anapuma kaye, n'kupitiriza ndi mawu omwe aja a lipoti. "Musadandaule achemwali, sipatenga nthawi. Impso zanga zatha ntchito, adokotala anandiuza ndisananyamuke."

Ndinawatengera m'nyumba mwanga. Sindikudziwa ngati chinali chikondi kapena manyazi oopa kuti anthu adzati a Meja anafera okha mlongo wawo alipo. Ndinawapatsa chipinda cha mwana wanga, poti china panalibe. Ankadzuka m'mamawa, kuyala bedi mpaka kuti nsalu ithine, kuswali, kenako kukhala pakhonde kuyang'ana msewu. Ndinkawaphikira zopanda mchere, iwo n'kumadya osadandaula. Tinayambanso kucheza za kale, za makina osokera a bambo, za momwe ankandiopsezera ndi ng'ona za m'Shire kuti ndisawatsatire kokasambira. Masiku ena tinkaseka mpaka kutsokomola. Koma pakati pathu panali chinthu chimene tonse tinkachiona osachitchula.

Adokotala anati azipita ku Blantyre pafupipafupi kukalumikizidwa ku makina otsuka magazi, atha kukhala zaka zingapo. Ndalama anali nazo, ana awo kunja kuja ankaimba kuwachonderera. Anapitako maulendo owerengeka, kenako anati msewu ukuwatopetsa. Ndinawauza kuti apitirize. Ndinawauza kamodzi, mwina kawiri. Ine amene ndikafuna chinthu ndimalongolola mpaka munthu kuthawa m'nyumba, pa nkhani iyi pakamwa panga panalemera. Ndinkawakonda achimwene anga, ndipo ndinkafuna mwana wanga. Ndikamatsuka mapazi awo otupa aja, mtima wina unkati Mulungu awachiritse, wina n'kumaganiza zoti chipinda chija chidzafunika kupakidwa laimu mwana wanga ndi adzukulu asanafike. Palibe usiku umene ndinagona bwino m'miyezi imeneyo.

Tsiku lina anandiyang'ana ndikuwapukuta, n'kunena kuti, "Mwana akadzabwera, musadzamukalipire chifukwa cha mawu aja. Anali ndi ufulu wonena." Ndinati asiye kuyankhula zopanda pake. Iwo anati, "Ndinamuchotsa moyenera, achemwali, mpaka lero ndikutero. Koma ndikanamuitanira kuno." Kupepesa kwawo kunathera pamenepo, ndipo kwa munthu ngati iwo kunali kutalika.

Anamwalira m'mawa wina wa Lachinayi, atangomaliza swala. Tinawaika tsiku lomwelo. Kunabwera anthu ambiri kuposa amene ndinkayembekeza: asodzi, madalaivala, amayi opala nsomba, ndi madala angapo owongoka misana amene anaima kumbali osayankhula ndi munthu. Ife amayi kumanda sitipita, tinatsala pakhomo. Ondiuza anati pofika nthawi yotsitsa thupi, shehe anafunsa kuti mphwawo wa malemu ali kuti alowe m'manda awalandire amjomba ake. Anthu anayang'anana. Analowa ndi mwana wa mayi uja wa ku Katuli, amene anabwera pa njinga yamoto atangomva uthenga.

Madzulo ake, anthu atachepa, ndinalowa m'chipinda n'kuimba nambala ija.

"Amjomba ako atisiya. Tawaika."

Anati Innalillahi, monga timanenera pa imfa. Ndinamva akufwenthera. Anafunsa ngati anavutika, ndinati ayi, anapita mwamtendere. Ndinadikira kuti anene yekha, koma sananene, mpaka ndinafunsa ine.

"Tsono ubwera liti?"

"Amayi," anatero, "mapepala anga anatha kalekale. Ndikangotuluka pachipata cha malire sadzandilolanso kulowa. Ana ndiwasiya ndi ndani? Ngakhale nthawi imene anabwera amjomba ija, sindikanatha kubwera."

"Nanga mawu unawauza aja?"

"Ndinangofuna kuti nawonso amve kuwawa. Ndinkati ndidzawaimbira mtima ukatsika." Analira ngati mwana wamng'ono. "Kodi anazitenga zenizeni?"

Ndinayang'ana bedi lija, loyalidwa bwino ndi manja anga m'mawa womwewo thupi litachotsedwa. Achimwene anga mawu a munthu ankawatenga momwe anenedwera, moyo wawo wonse. Ndinamuuza mwana wanga kuti ayi, sanazitenge zenizeni, ankadziwa kuti unali mkwiyo chabe. Za ku Blantyre sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza.

Papita zaka tsopano. Amaimba Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti, ndipo adzukulu anga amandipatsa moni m'chiyankhulo chimene sindichimva. Chipinda chija ndinapakadi laimu. Ndimasungiramo chimanga.